Posinja Popanda Nkhuku

Anzanga a m'bwalo lino la alembi, ndi inu aphunzitsi amene mumatipirira tikamakangana mpaka usiku, lero ndabwera ndi mlandu. Mlandu wake si wa ndakatulo monga mwa masiku onse, ndi wa zithunzi ndi ziboliboli. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kukodolana, mukuti kodi mtsikana amene sadagwirepo burashi chibadwire anganenepo chiyani pa zojambula? Apo mwalasa, kujambula sindidziwa. Koma munsi ndidaugwira ndisanagwire pensulo, ndipo popeza anzathu ojambula aukonda mtondo kotero kuti sajambula mudzi popanda kuuimikamo, ndiye kuti alowa okha m'bwalo langa. Mundilole tsono ndiyale mphasa, tikambirane.

Pa tchuthi cha Khirisimasi ndidapita kwathu kwa Kasakula, m'boma la Ntchisi. M'chikwama ndidatengamo shuga, sopo ndi kalendala imene kampani ina ya m'tauni inkagawa. Kalendalayo ndidaisankha dala, poti pachikuto pake padali chithunzi cha utoto chimene ndidayesa kuti chikawasangalatsa amayi. Padali mayi wovala chitenje chowala, mikanda m'khosi, munsi uli m'mwamba, mano onse ali poyera ndi kumwetulira. Kumbuyo kwake dzuwa linkalowa lili psuu, kuseri kwa kanyumba kaudzu ndi kankhokwe. Chapambali padali bambo atakhala pa mtondo wina wovundikira, akuimba bangwe. M'munsi mwake adalembamo m'Chingerezi mawu otanthauza kuti umenewu ndiwo moyo wa kumudzi.

Amayi adailandira ndi manja awiri, naitalikitsa pang'ono poti maso ayamba kuwavuta, nakhala chete nthawi yaitali. Kenaka adati, "Iwe, nanga mayiyu akusekerera chiyani pakhomo pali njala chonchi?"

Ine ndidati, "Njala mwaiona pati, amayi? Si uyu akusinja?"

Iwo adaloza ndi chala. "Akusinja chiyani? Udaonapo posinja popanda nkhuku? Lichero lake lili kuti? Gaga wagwera pati? Mnzake wolandizana naye ali kuti? Munthu kusinja yekhayekha dzuwa likulowa, ndiye kuti ana sadadye kuyambira mmawa, ndipo chimene chili mumtondomo ngakhale nkhuku zachikana." Atatero adayang'ananso bambo wa bangwe uja, napukusa mutu. "Nanga uyu adaleredwa ndi yani, wokhalira mtondo wa mkazi wake?"

Kalendalayo sidapachikidwe pakhoma. Sukulu zili pafupi kutsegulidwa masamba ake adakutira makope a adzukulu, ndipo mayi womwetulira uja tsopano akusinja pa kope la masamu la Sitandade 4. Tsiku limenelo ndidaseka, koma m'basi pobwerera kuno mseko udandithera. Ndidazindikira kuti amayi anga, amene sadapondemo m'nyumba yoonetsera zithunzi, adachita chimene aphunzitsi athu amatikakamiza chaka chathunthu: adachiwerenga chithunzicho. Atachiwerenga adapeza kuti mwini wake ankaganiza kuti akujambula mtendere, pamene chimene chidatuluka m'manja mwake chidali njala ndi mwano.

Mlandu wanga ndi umenewu. Ziwiya za pakhomo zili ndi chinenero chake. Pamene chiwiya chaikidwa, mmene chakhalira, amene wachigwira, nthawi imene wachigwira, ndi chimene chikusowa pambali pake, zonsezi zimanena kanthu kwa munthu woleredwa pakhomopo. Ojambula athu ambiri, a kumsika ndi a pano pomwe, amatola mtondo, mtsuko, lichero ndi nkhokwe monga mmene mwana amatolera mawu a Chingerezi pa wailesi, n'kumawatchula mokoma osadziwa kuti akutukwana. Amaziunjika pansalu kuti wogula akangoona anene kuti, "Eya, uku ndiye ku Africa." Ntchito ya ziwiyazo pachithunzi imathera pomwepo. Ine ndikuti kumeneku ndi kunama, ndipo bodza lake lili ndi anthu amene limawapweteka.

Tiyambe ndi mtondo womwewo, poti ndiwo mfumu ya makalendala. Amene simudasinjepo tcherani khutu. Chimanga chikatonoledwa, amachithira mumtondo, kuwazamo timadzi, ndi kuyamba kukonola. Akakonola amapeta, gaga kwake mphale kwake. Mphaleyo amaiviika masiku angapo, kuitsuka, kuiyanika kuti madzi adonthe, kenaka kubwerera nayo kumtondo kukatibula. Akatibula amasefa, misere yotsala n'kubwereranso mumtondo, ndipo ufa ukayanikidwa pamphasa pamafunika mwana wa ndodo wopirikitsa mbuzi ndi nkhuku tsiku lonse. Umenewu ndiwo ulendo wa ufa woyera. Mayi amene ali pakati pa ulendowu amakhala ali wefuwefu, thukuta lili kamukamu, mwana akugwedezeka kumsana, m'manja muli matuza amene adasanduka zikwakwa. N'chifukwa chake sasinja yekha akapeza mnzake. Amaima awiri kapena atatu pa mtondo umodzi, munsi wina ukamakwera wina ukutsika, ndipo mawa onse amasamukira kwa winayo. Wojambula akachotsa thukuta, akachotsa anzake, n'kusiya mano oyera okha, ndiye kuti watiuza kuti ntchito ya amayi ndi masewera, ndi kuti nsima imene timadya idachokera m'chimwemwe. Bodza limeneli limakomera amene amangodikira nsima pamkeka.

Komanso pamtondo ndi pabwalo la milandu la amayi. Zimene mkazi sanganene pamaso pa nyakwawa amaziimba pamtondo: za mwamuna amene adapita ku Joni osatumiza ngakhale kalata, za apongozi a pakamwa, za mkazi mnzake wa pamitala amene akudya yekha ndalama za fodya. Woimbidwayo amamva ali pakhonde, koma sangazengere munthu mlandu chifukwa cha nyimbo. Katswiri wa mbiri Megan Vaughan atafufuza za njala ya 1949 m'boma la Blantyre, m'buku lake la 1987 adadalira kwambiri nyimbo za pamtondo zimene amayi okalamba adali kuzikumbukirabe, ndipo m'menemo adamvamo za amuna amene adachoka kukafuna chakudya osabwereranso, ndi za maukwati amene njalayo idapasula. Mlendo adawoloka nyanja kudzamvera mtondo ukulankhula. Ife eni ake tautseka pakamwa ndi utoto.

Ndipo kumbukirani kuti kwathu ndi kwa chikamwini. Mwamuna amabwera kudzakhala kwa mkazi, ndipo banja likatha amanyamula kamtolo kake n'kubwerera kwawo, koma mtondo, miphika ndi mafuwa zimatsala, poti nza mwini mudzi. Tili ana ankatiopseza ndi matsoka osiyanasiyana tikakhala pa mtondo, ndipo mwana wamwamuna ndiye ankapirikitsidwa msanga. Ena mudzati zimenezo ndi zikhulupiriro chabe. Kaya, koma tanthauzo lake nlomveka: pamene pamachokera chakudya cha mbumba si pokhalira. Tsono bambo wa bangwe uja, kwa wogula wa m'tauni ndi munthu wosangalala, koma kwa mayi wa kwa Kasakula ndi mkamwini amene wadziiwala.

Nanga lichero? Lichero limapeta, limayanika ndiwo za mfutso, limanyamula ufa wopita kumaliro. Koma palibe Mmalawi amene sadziwa kuti lichero lomwelo, nkhani zikafika usiku, ndiye ndege ya afiti. Ndidalowapo m'hotela ina ya kunyanja kumene adakhoma malichero khoma lonse la chipinda chodyera. Azungu ankawajambula mokondwa, koma mnyamata woperekera zakudya adandinong'oneza kuti anzake amapatcha pamenepo bwalo la ndege. Chiwiya chimodzi, matanthauzo awiri olimbana, usana kudyetsa usiku kuopsa: wojambula wanzeru akadapeza pamenepa ntchito ya chaka chonse. Athuwa amangoona kuti nchozungulira ndipo nchokongola kaluka kake.

Mphika nawo uli ndi zake. Mtsikana akangokwatiwa amayamba waphikira pa mafuwa a amayi ake, ndipo tsiku limene ampatula n'kukhala ndi mafuwa akeake ndilo tsiku limene wasanduka mwini khomo. Mchere wothira mumphika wa ndiwo uli ndi malamulo ake a mdulo, kotero kuti mayi akatuma mwana kuti, "Tabwera udzandithirire mchere," akuluakulu amene ali pafupi amamva zambiri kuposa mawuwo. Kumanda a kwathu mudzapeza mbale, kapu kapena mphika wa malemu pamtumbira, atauboola pansi, kusonyeza kuti ntchito yake pakati pa amoyo yatha. Koma pa chionetsero china ndidaona chithunzi cha khomo lachimwemwe, ana akusewera, ndipo pakhonde wojambula adaikapo mphika wogadama woboola pansi, mwina pofuna kuti uoneke wakale. Iye sadadziwe kuti waika manda pakhonde la anthu amoyo. Safunsa adadya phula.

Chipande ndicho mlembi wa chuma wa pakhomo. Chimene chimaweruza kuti mitanda ipita ingati kwa abambo, ingati kwa ana, ndi chipande, ndipo chaka choipa mayi amene wachigwira amathera pa nkhoko za mumphika n'kumati wadya kale. Za ziwiya za kuchipinda, zimene timaphunzira kwa anamkungwi, sindinena pano, ndipo sindikupempha wina kuti azijambule. Ndingokumbutsa kuti ku Chongoni m'boma la Dedza, kumene kuli malo 127 a zithunzi za pamiyala amene bungwe la UNESCO lidawazindikira mu 2006, zina mwa zithunzi zoyera za kumeneko nzokhudza chinamwali ndi nyau. Makolo athu ankajambulira anthu amene aphunzitsidwa kuwerenga zojambulazo, ndipo ankadziwa choika ndi chosiya.

Wina asaganize kuti ndikukuza zinthu zazing'ono. Nthano ya Achewa ya chiyambi cha dziko imati mwamuna ndi mkazi oyamba adatsika ndi mvula pa Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, ndipo pathanthwe pamene adafikira padatsala mapazi awo, mapazi a nyama, ndi zidindo za khasu, lichero ndi mtondo. Taganizani. Pamene makolo ankafuna kunena chimene munthu adafika nacho padziko, sadatchule mkondo kapena mpando wachifumu. Adatchula zida zitatu zosandutsa nthaka kukhala nsima. Mu 2017 UNESCO idalemba nsima pa mndandanda wa chikhalidwe cha anthu onse a padziko, ndipo tidaomba m'manja. Nsimayo taikweza kumwamba, koma zida zake tazisandutsa zidole zotsamiritsa mabuku pa shelefu.

Pitani pamene amagulitsira ziboliboli ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Senga Bay. Mudzapeza mayi wosinja yemweyo ali pamzere makumimakumi, khosi lalitali, chiuno chowonda, msana wowongoka ngati sadanyamulepo mtolo wa nkhuni. Pambali pake pali mng'ono wake wosenza mtsuko wopanda nkhata. Mtsuko wodzaza madzi pamutu popanda nkhata, kuchokera kudambo kukwera chitunda cha ku Ntchisi! Zina nza mphingo weniweni, zina nza mtengo wamba wopakidwa polishi wa nsapato kuti ude. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chimene chimandiwawa nchakuti mayi ameneyu wachoka kumsika, walowa m'makalendala, m'mabuku a sukulu, pa makoma a maofesi, ndipo tsopano wafika pa zionetsero zathu zomwe. Ana a m'tauni akukula akudziwa kuti agogo awo ndi ameneyu.

Ndinene chifukwa chimene amayi adaonera njala msanga pachithunzi chija. Adaiona ndi maso mu 2002. Chaka chimenecho zokolola zidali zitavuta, chimanga cha m'nkhokwe za boma chidali chitagulitsidwa, ndipo pofika mu Febuluwale boma lidalengeza kuti dziko lili pa ngozi. Chigawo chapakati chidakhudzidwa koopsa. Amayi amasimba kuti kwathu mitondo sidaleke kulira, koma inkalira mosiyana, poti munkalowa zitsa za nthochi, mizu ya kutchire ndi gaga amene kale adali wa nkhumba. Nkhuku zidali zitagulitsidwa kale pa mtengo wa chipongwe, kenaka mbuzi, kenaka mbale ndi mapoto. Anthu ankadziwa kukula kwa njala ya pakhomo la mnzawo poona ziwiya zimene zasowa pa thandala. Mayi ankasinja yekha, madzulo, poti chimene adapeza chidali chochepa ndi chochititsa manyazi kuti mnzake achione. Ichi ndicho chithunzi chimene wojambula wa kalendala adachibwereza mosadziwa, n'kuchiveka kumwetulira. Mu 2012, patapita zaka khumi, ndalama ya pepala ya K1,000 idatuluka ili ndi nkhokwe zikuluzikulu za chimanga za ku Mzuzu kuseri kwake. Ngakhale boma lidadziwa kuti kujambula nkhokwe ndi kulonjeza kanthu.

Anzathu ophunzira zojambula amakonda kutchula maina a ku Ulaya, tiyeni tipite komweko. Ku Rijksmuseum mu mzinda wa Amsterdam kuli chithunzi chaching'ono cha Johannes Vermeer, cha m'zaka za m'ma 1600, cha mtsikana wantchito akuthira mkaka m'mbale. Mikono yake njokhuthala, nkhope yake ili pa ntchitoyo, samwetulira munthu. Patebulo pali buledi, pansi pali kabokosi ka makala kotenthetsera mapazi, ndipo akatswiri akhala akukangana za tanthauzo la kabokosiko kwa anthu a nthawi imeneyo. Mukalemba mayeso mumadzaza masamba atatu ndi kabokosi kamodzi ka ku Holland. Vincent van Gogh mu 1885 adajambula alimi asanu a ku Nuenen akudya kachewere m'mbale imodzi pansi pa nyali. Asanatero adatha miyezi akulowa m'nyumba za alimi, kujambula mitu ndi manja awo kambirimbiri, pofuna kuti woona adziwe kuti manja otola kachewereyo ndi omwe adamulima. Anthu a nthawi yake ena adati nchonyansa. Kachewere timalima ku Ntchisi ndi ku Dedza, ndipo manja otere ali m'mudzi uliwonse. Bwanji tsono ulemu umene mumapereka kwa jagi ya mkaka ya ku Delft simuupereka kwa mtsuko wa agogo anu? Kodi chiwiya chimayamba kukhala ndi tanthauzo chikalembedwa m'buku la Chingerezi?

Ndikudziwa mayankho anu, poti ena mudandiuza kale kuchipinda chodyera. Loyamba nlakuti luso ndi ufulu, wojambula si mlembi wa mbiri ya mafuko, akhoza kukhazika munthu pamene wafuna. Ndikuvomera ndi mtima wonse. Koma kuphwanya mwambo kumakhala luso pamene wophwanyayo akuudziwa mwambowo. Onani Gule Wamkulu, amene kwathu ku Ntchisi ndi ku Dowa ali ponseponse. Chilombo chikachita zamwano pabwalo anthu amaseka ndi kuphunzira, chifukwa chilombocho ndi oonerera onse akudziwa lamulo limene likupondedwa. Wina mwa inu atakhazika dala mwamuna pa mtondo, pofuna kunena za amuna amene amalanda ndalama za mtedza umene mkazi adalima yekha, ine ndidzakhala woyamba kululutira. Koma munthu woponda pa moto chifukwa sadauone asatiuze kuti akuvina.

Lachiwiri nlakuti wosema ayenera kudya, ndipo wogula amafuna mayi womwetulira. Apanso mwanena zoona, ndipo ndi wosema wa m'mbali mwa msewu ndilibe naye mlandu waukulu. Iye akapanda kugulitsa lero ana ake agona ndi njala, ndipo chimene mlendo waloza ndicho asemenso mawa. Mlandu wanga uli ndi ife, amene tili ndi laibulale, aphunzitsi ndi zaka zinayi zoganiza, koma tikukopera wa m'mbali mwa msewu m'malo momutsegulira njira. Ndipo si zoona kuti kudziwa ndi kugulitsa sizigonera nyumba imodzi. Ku Mua, m'boma la Dedza, Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a zaluso a Kungoni mu 1976, ndipo adatha zaka zambiri akufunsa akuluakulu za miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Zimene adaphunzira zili m'nyumba ya Chamare, ndipo osema a kumeneko agulitsa ntchito zawo m'dziko muno ndi kunja. Wansembe wa ku Canada adakhala pansi n'kufunsa. Ife a mtundu womwewo tikuona ngati kufunsa amayi athu ndi kutsika.

Lachitatu ndilo limandiseketsa. Akuti ndine wolirira zakale, ndikufuna amayi azisinjabe mpaka kalekale kuti ine ndipeze cholemba. Mwandimva mozondoka. Palibe munthu amene amathokoza chigayo kuposa amayi anga. Masiku ano mtondo wa kwathu umalira kawirikawiri posinja nsinjiro kapena chigwada, ndipo ukamva wina akukonola chimanga cha banja lonse pamanja, nthawi zambiri ndiye kuti ndalama ya kuchigayo yasowa. Olirira zakale ndinu ojambula, amene mwaumitsa mudzi pa chaka chimodzi chimene sichidakhaleko, chopanda chigayo, chopanda pulasitiki, chopanda ngongole ya feteleza. Mudzi wanu ulibe kalendala ngakhale mwaupachika pa kalendala. Ndipo mudzi wotere ngwabwino kwa aliyense amene safuna kufunsidwa za mjigo wowonongeka kapena za mtengo wa chimanga, chifukwa anthu omwetulira chotero sangakhale ndi chodandaula.

Mukuti tsono tijambule chiyani? Bwerani kwa Kasakula mbandakucha, mudzaone mzere wa zigubu zachikasu pa mjigo. Zidabwera ndi mafuta ophikira, lero zalanda ntchito ya mtsuko. Eni ake kulibe, abwerera kukasesa, koma chigubu chilichonse chikusunga malo a mwini wake, ndipo mwana aliyense akhoza kukuuzani kuti ichi ncha kwa uje, icho chothimbirira ncha mayi wamasiye, izo zitatu zatsopano nza kwa aphunzitsi. Mudzi wonse uli pamzerepo ndi maudindo ake. Mudzaone nkhokwe yopanda kanthu pabwalo pamene matumba a chimanga aunjikidwa kuchipinda chogona, atathiridwa mankhwala a anankafumbwe. Pamenepo palibe njala, pali mantha a akuba, ndipo nkhokwe imeneyo ikunena kuti anthu adaleka kukhulupirirana. Mudzaone thumba la feteleza limene lagwira ntchito ya mphasa, ya chitseko cha bafa ndi ya chofunda pamvula. Mudzaone mbale zadothi m'kabati, zimene mwana adatumiza kuchokera ku Joni, zosadyerapo munthu, zodikira tsiku limene mwiniyo adzabwere. Mudzaone mtsuko weniweni, umene sudafe ayi, uli pakona yamdima m'nyumba, ukuziziritsa madzi amene chigubu chabweretsa. Zonsezi zilipo lero, zikungosowa wozijambula.

Inunso alakatuli musaseke anzanu a burashi, mlanduwu ukukukhudzani. Ndawerenga m'masamba ano ndakatulo zingati zimene mtondo umalira chapatali, utsi ukukwera pa madenga, mwezi ukuwala pa mtsuko wa namwali? Mumaika ziwiya m'mizere yanu monga mmene amaikira maluwa apulasitiki pa tebulo la ukwati. Ndakatulo ikafuna fungo la kumudzi mumatumiza mtondo, ikafuna misozi mumaswa mphika, osafunsa kuti mphikawo udali wa ndiwo, wa nsima kapena wa mowa, ndi kuti waswa ndani, adzalipira ndani. Nanenso ndidalembapo zotere chaka changa choyamba, ndipo mudandiombera m'manja. Ndikuchita nazo manyazi.

Pempho langa nlimodzi. Chionetsero chikubwerachi chisathere m'holo muno, momwe timayamikirana tokhatokha. Tinyamule zithunzi khumi, tikazipachike pa mtengo pafupi ndi chigayo tsiku la msika, kwa Kasakula kapena kumudzi kwa wina aliyense wa ife, ndipo ojambulawo akaime pambali, pakamwa atatseka, amvere zimene amayi a pamzere adzanene. Ena adzabwerako atapsa mtima, ena adzabwerako ndi ntchito ya moyo wawo wonse. Amene akuopa ulendo wa gulu atsagane nane pa tchuthi chikubwerachi. Amayi ndawauza kale, ndipo ati malo ogona alipo, koma mlendo wa masiku atatu amagwira ntchito. Mudzatenge pensulo ndi mapepala anu, munsi mukaupeza komweko.